Tsiku Limene Makina Adaiwala Kwawo

Munthu akadzidzimuka pakati pa usiku m'nyumba yachilendo, amayamba wakhala phee pamphasa n'kumadzifunsa kuti kodi khomo lili mbali iti, nanga mtsuko wa madzi adauika pati. Akangodzambatuka asanakumbukire, amaomba mutu kuchipupa kapena kuponda mwana wa eni nyumba. Ine ndidaona makina achitsulo, olemera kuposa galimoto, atakhala phee chomwecho m'mawa wina wa mwezi wa Febuluwale m'chaka cha 2022. Adakana kugwira ntchito iliyonse chifukwa adaiwala pamene adaima. Amene adawaiwalitsa ndidali ine, ngakhale kuti padapita tsiku lathunthu ndisanavomere.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangotha miyezi itatu ndikugwira ntchito m'wekishopu ina yaing'ono ku Makata mumzinda wa Blantyre, ndipo ndidali ndikadali poyesedwa. M'wekishopumo mudali makina akale a lathe awiri, makina oboolera, makina owotcherera zitsulo, ndiponso makina amodzi a CNC osemera zitsulo amene abwana adagula ku South Africa atagwirapo kale ntchito zaka zambiri. Makina a CNC amenewa ndiwo adandipezetsa ntchito. Ndidakhalako zaka ziwiri ku Germiston, kufupi ndi Johannesburg, kumene ntchito yanga idali yomanga zitsulo pavaisi, kudina batani lobiriwira ndi kusesa nyenyeswa za zitsulo. Nditabwerera kuno kwathu ndidauza abwana kuti makina otere ndimawadziwa. Sindidaname kwenikweni, koma kudziwa kwanga kudali kwa kondakitala wa minibasi amene amadziwa msewu wonse wa ku Zomba pamene sadatsekulepo boneti.

Kwa amene sadawaonepo makina otere, ndifotokoze pang'ono. Ndi chinyumba chachitsulo chokhala ndi zitseko zagalasi. M'kati mwake muli tebulo lolemera limene timamangapo chitsulo chofuna kusemedwa. Tebulolo limayenda kumanja ndi kumanzere, ndipo njira imeneyi imatchedwa X. Limayendanso kutsogolo ndi kumbuyo, imene ndi njira ya Y. Pamwamba pa tebulo pali mutu umene umakwera ndi kutsika m'njira ya Z, ndipo m'mutumo muli spindle, chitsulo chozungulira mwaliwiro chimene chimagwira mpeni wosemera kapena choboolera. Njira iliyonse ili ndi mota yakeyake imene imazungulitsa chitsulo chachitali chamazinga, ndipo chitsulocho chimakankha tebulo monga mmene bawuti limayendetsera nati. Palibe dzanja la munthu limene limapukusa chogwirira. Mmisiri amangolemba malamulo m'kompyuta ya makinawo: G00 ndiye kuti thamanga mpaka pakutipakuti, G01 ndiye kuti sema molunjika paliwiro lakuti, M03 ndiye kuti zungulitsa spindle. Makina osamalidwa bwino amabwerera pamalo amodzimodzi osaphonya ndi 0.01 ya milimita, chonsecho tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi pafupifupi 0.07.

Nzeru yolamula makina ndi manambala idayambira ku America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, John T. Parsons wa ku Michigan, amene kampani yake inkapanga mapiko a helikopita, ankawerengetsa malo oti mpeni udutsemo pogwiritsa ntchito makadi obooledwa timabowo. M'chaka cha 1952 akatswiri a pasukulu ya ukachenjede ya MIT adaonetsa makina osemera zitsulo otsatira malamulo olembedwa patepi yobooledwa. Kompyuta idadzalowa m'malo mwa tepi pambuyo pake, ndipo chilembo C choyambirira m'dzina loti CNC chikuimira kompyutayo. Kompyuta ya makina athu idali ya mtundu wa 0i-MC, yopangidwa ndi Fanuc, kampani ya ku Japan imene idaima payokha m'chaka cha 1972 itachoka mu Fujitsu. Zonsezi ndidadzazidziwa bwino lake. Pa nthawi imene ndikusimbayi ndinkangodziwa batani lobiriwira, batani lofiira, ndi batani lina lolembedwa kuti RESET, limene ndinkalikonda koposa onse.

Kuyambira chapakati pa Disembala 2021, m'mawa uliwonse ndikayatsa makina, pasikirini pankatuluka chenjezo: nambala 307, ndi mawu achingerezi onena kuti batire lachepa mphamvu. Ndikadina RESET chenjezolo linkachoka, makina n'kugwira ntchito tsiku lonse bwinobwino. Tsiku loyamba ndidati ndiwauza abwana masana. Masana ake adali atapita kubanki. Tsiku lachiwiri ndidaganiza kuti munthu woyesedwa asamakhale wobweretsa nkhani zoipa, angati makina ayamba kuvuta chibwerere iyeyu. Pofika sabata yachitatu chala changa chinkapita chokha pa RESET maso asanawerenge n'komwe. Ndi mmene timachitira ndi denga lodontha pangodya imene sitigonapo. Timangoikapo beseni, kenaka n'kuzolowera kulira kwa madontho.

Kenaka kudabwera namondwe wa Ana. Pa 24 Januwale 2022 mvula yamkuntho idagwa usana ndi usiku m'chigawo cha kumwera, mtsinje wa Shire udasefukira, ndipo madzi adagumula mbali ina ya damu la pamalo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa. Malo amenewo ankapereka mamegawati pafupifupi 130, ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi a dziko lonse, ndipo sadayambirenso kugwira ntchito mpaka m'chaka cha 2023. Poyamba pafupifupi dziko lonse lidali mumdima. Magetsi atabwerera ankayaka mosinthanasinthana, maola angapo kuno, maola angapo uko. Kwathu ku Makata madzi adalowa kunsi kwa chitseko mpaka kufika m'akakolo. Abwana, poopa chinyontho ndi magetsi osakhazikika, adalamula kuti makina a CNC azimitsidwe kotheratu kufikira pansi patauma. Adakhala chizimire masabata atatu.

Amene adatiyatsitsa makinawo ndi bambo wina wachigayo wochokera ku Phalombe. M'kati mwa chigayo muli mbale zachitsulo zingapo zolowetsedwa pashafiti imodzi, ndipo m'mphepete mwa mbalezo mumadutsa tindodo tachitsulo timene timagwira mahamala omenya chimanga. Zonsezi zimazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pamphindi imodzi. Mabowo a m'mbalezo akapanda kutalikirana mofanana, mbali imodzi imalemera, chigayo chimanjenjemera, ndipo mabering'i amatha m'masiku owerengeka. Bamboyo adali ataboolesa kale mbale zina kwa mmisiri wa pamsika amene adayeza ndi rula, ndipo zidamudyera mabering'i awiri. Adatiuza kuti chigayo chinzake cha m'dera lawo chidapita ndi madzi, kotero kuti amayi ankayenda theka la tsiku atasenza kachimanga kogula ndi ndalama zovuta kuti akagayitse. Febuluwale ndi mwezi wa njala, ndipo mwana wolira nsima samva zoti mabering'i atha. Adalipira theka la mtengo nati agona kwa mlamu wake ku Ndirande mpaka Lachisanu. Tsikulo lidali Lachitatu.

Lachinayi m'mawa magetsi adalipo. Tidasuzumira m'kabati ya mawaya kumbuyo kwa makina ndipo tidapezamo mouma. Ndidakweza swichi yaikulu, mafani adayamba kulira, sikirini idayaka. M'munsi mwake mudalembedwa EMG, kusonyeza kuti makina adaimitsidwa mwadzidzidzi. Limenelo silidali vuto: wina adadina batani lofiira la pakabokosi ka m'manja tsiku la madzi lija, ndipo nditalipotokola lidatumphuka. Kenaka makina adadandaula za mpweya poti kompuresa tidali tisanayatse. Tidayatsa, muvi udakwera kufika pa 6 bar, dandaulolo lidachoka. Mtima udayamba kukhala m'malo. Koma pasikirini padatsala mizere isanu ndi umodzi: nambala 300 katatu, ya X, ya Y ndi ya Z, ndi nambala 306 katatunso. Ndidadina RESET. Mizereyo idakhalabe. Ndidadinanso mwamphamvu, ngati kuti batani limamva kuwawa. Ndidazimitsa makina, n'kuwerenga mpaka 30, n'kuyatsanso. Mizere isanu ndi umodzi ija idabwerera yonse.

Abwana adavala magalasi awo nayamba kuwerenga. Mawu a pa 300 ankati njira iliyonse ikufunika kubwezeredwa pachiyambi pake. A pa 306 ankati batire lilibiretu mphamvu.

"Batire ndidasintha ndekha mu Okutobala," adatero. Adatsekula kuseri kwa sikirini natisonyeza kabatire kakang'ono ka 3V, katsopano ndithu. Tidakayeza ndi mita ndipo kadali kamoyo. "Mwaonatu. Batire lilibe mlandu. Awa ndi madzi. Alowa m'mawaya a mota, kapena aononga ma encoder."

Encoder ndi kachipangizo kokhala kumbuyo kwa mota iliyonse, kamene kamawerenga kuzungulira kwa motayo n'kumauza kompyuta kuti tebulo kapena mutu wafika pati. Abwana adati zimenezo n'zoitanitsa kunja, ndipo wodzaziika ndi katswiri wochokera ku Johannesburg. Adayamba kuwerengetsa pakapepala: tikiti ya ndege, malo ogona, malipiro a katswiri m'marandi. Chiwerengero chidaposa malipiro a tonse a m'wekishopumo a miyezi ingapo. Adaonjeza, osayang'ana munthu kumaso, kuti ngati makina akhale chiimire sakuona chifukwa chosungira munthu wa makinawo.

Ine ndidali chilili pambali, kukhosi kutauma. Ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene iwo sankachidziwa: makinawo adayamba kulira za batire kukadali masabata asanu ndi imodzi kuti mvula ya Ana igwe. Madzi a mu Januwale sakadabweretsa chenjezo la mu Disembala. Koma kunena zimenezo kudali kudziika ndekha chingwe m'khosi. Ntchito ikatha chifukwa cha namondwe, ndikadapita kwina ndi mbiri yabwino. Ikatha chifukwa cha kusasamala, nkhani ikadandiyambirira kufika m'mawekishopu onse a mu Blantyre, poti amisiri a zitsulo amadziwana onse. Ndidasankha kukhala chete, ndipo tsiku lonselo ndidathandiza kufunafuna vuto kumene ndinkadziwa kuti kulibe. Tidamasula zivundikiro, tidazula mapulagi a mota imodziimodzi, tidawauzira mpweya wa kompuresa, tidawaunika ndi tochi. Onse adali ouma gwa. Nthawi itakwana 2 koloko masana magetsi adazima.

Pakati pathu padali mkulu wina amene tonse tinkangowatchula kuti Madala. Adasema zitsulo pa lathe zaka zoposa 30, ndipo makina a CNC sankawakhudza. Ankawanena kuti ndi wailesi ya kanema yokhala ndi mano. Tsiku lonse iwo sadalankhule zambiri, ankangoyang'ana. Madzulo tidayendera limodzi kulowera ku Ndirande, iwo akukankha njinga yawo. Titadutsa pamlatho adaima.

"Mwana wanga, madzi akalowa m'makina amagwira mwendo umodzi, wapansi. Awa agwidwa miyendo itatu tsiku limodzi, ola limodzi, mpaka mota ya pamwamba imene madzi sadaifike. Chimene chimadyetsa miyendo itatu yonse n'chiyani?"

"Kaya, Madala."

"Nanga makinawa asanagone sadanenepo kanthu? Chitsulo sichifa chisanadwale."

Ndidayang'ana pansi nthawi yaitali. "Ankanena, Madala. Kuyambira mu Disembala."

Sadandikalipire. Adangoti "Ehe," monga amachitira akapeza pamene shafiti yapindika. Kenaka adatulutsa m'chikwama cha panjinga buku lonenepa lachikasu limene lidabwera ndi makinawo, limene linkakhala m'kabati ya abwana kunsi kwa mafayilo.

"Chingerezi cha m'menemu chimandipweteketsa mutu. Kawerenge iwe. Koma mawa pakamwa potsekula ndi pako. Ine sindikunenera."

Usiku umenewo ndidawerenga ndi kandulo mpaka atambala oyamba. Ndidapeza kuti makinawo ali ndi mabatire a mitundu iwiri. Kakang'ono ka 3V kamene abwana adasintha kamasunga zolembedwa m'kompyuta, ndiye kuti mapulogalamu ndi manambala oyendetsera makina. Ma encoder ali ndi gwero lawolawo la 6V. Pamakina ena limakhala batire la lithium lomangidwa pachipangizo choyendetsa mota, pamene pa ena amakhala mabatire anayi aakulu a saizi D, ofanana ndi a m'wailesi ya kumudzi, oikidwa m'kabokosi kapadera. Makina akakhala oyaka, encoder imadya magetsi a makinawo. Akazima, imadya mabatire aja kuti isaiwale kuti mota yazungulira kangati kuchokera pachiyambi. Motero mabatirewo amagwira ntchito pamene makina akugona. Bukulo lidati azisinthidwa chaka ndi chaka, lidati chenjezo la 307 likaoneka asinthidwe msanga, ndipo lidanenetsa kuti posinthapo makina akhale oyaka kuti chikumbumtima cha encoder chisaduke ngakhale kamphindi. Mabatire amene adali atafooka kale mu Disembala tidawasiya okha masabata atatu kuti asenze katundu yenseyo. Opanga makina adalemba zonse poyera, makinawo adandiuza m'mawa uliwonse, ndipo mankhwala ake adali mabatire anayi a m'golosale. Akulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidalidya ndili ndi buku la mayankho m'chipinda choyandikana nacho.

Lachisanu ndidalawirira. Ndidawapeza abwana akutsekula geti, ndidavula chipewa, n'kuwauza zonse kuyambira tsiku loyamba la 307. Adakhala chete mpaka ndidamva kulira kwa makiyi m'manja mwawo.

"Ndiye dzulo lonse umationerera tikukumba una wopanda mbewa?"

"Ndidalakwa, bwana."

"Za iwe tikamba makina akayenda. Kabokosi kakoko kali kuti?"

Tidakapeza m'mbali mwa kabati ya mawaya, chakumunsi, kuseri kwa mgolo wa mafuta umene sudasunthidwepo chifikire makinawo. Titamasula chivundikiro chake chakuda tidapezamo mabatire anayi, limodzi litatuluka zoyera ngati mchere. Pamita onse pamodzi sadafike ngakhale theka la 6V. Mnyamata wina adathamangira kugolosale. Tidapukuta tizitsulo ta m'kabokosimo, tidaika atsopano makina ali oyaka ndipo batani lofiira lili lodinidwa, tikusamala kuti dzanja lisayandikire zipangizo za m'kabati zimene zimasunga magetsi oopsa ngakhale makina atazima. Bukulo lidati tiyendetse njira iliyonse ndi kagudumu ka m'manja kuti mota izungulire kopitirira kamodzi, kenaka tizimitse ndi kuyatsanso. Tidatero. Mizere itatu ya 306 idachoka. Abwana adang'amba kapepala ka tikiti ya ndege kaja. Itatu ya 300 idatsala.

Apa ndi pamene padagona ntchito yeniyeni. Mabatire atsopano amasunga zimene makina akudziwa, koma sabweza zimene adaiwala. Njira iliyonse ili ndi malo ake oyambira, amene amisiri timangoti kwawo kwa makina, ndipo china chilichonse chimayezedwa kuchokera pamenepo: malire amene tebulo siliyenera kupitirira, malo amene chitsulo chosemedwa chili, ndi msinkhu umene mutu umaima posintha mipeni. Makina ena ali ndi timaswichi timene amakatigunda n'kupeza okha kwawo. Athuwo adalibe. Munthu ndiye amayenera kuyendetsa njira iliyonse ndi dzanja mpaka pamalo oyenera, kenaka n'kuuza kompyuta kuti kwanu ndi pano. Makina satsutsa. Ukawanamiza amakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo bodza lakolo amalithamangira paliwiro la mamita ambirimbiri pamphindi, atanyamula chitsulo cholemera.

Opanga makina amasiya timivi tiwiri panjira iliyonse, kamodzi pambali yoyenda, kena pambali yosayenda, kuti tikaloza pamodzi udziwe kuti wafika. Ta X ndi ta Y tidatipeza titapala litsiro ndi girisi wa zaka zambiri. Kumeneko ngakhale ukadaphonya ndi theka la milimita sipakadaoneka ngozi, chifukwa malo a chitsulo chosemedwa timawayezanso mwatsopano nthawi zonse. Koma ta Z padalibe. Amene adali ndi makinawo kale adapaka penti mutu wonse asanawagulitse, ndipo timivi tidapita ndi pentiyo. Tsono Z ndiyo njira yosakhululuka. Pambali pa mutu pali chimbale chozungulira chonga ambulera, chonyamula mipeni yonse. Pulogalamu ikalamula M06, mutu umakwera kufika pamsinkhu woikika, mpweya umakankhira ambulerayo ku spindle, ndipo zala zake zachitsulo zimalowa m'kangalande kozungulira chogwirira mpeni. Msinkhuwo ukaphonya ndi mamilimita awiri okha, zala zimagunda chitsulo m'malo molowa m'kangalande, ndipo zimathyoka kapena ambulera yense amapindika. Apo ndiye katswiri wa ku Johannesburg akadabweradi.

Nthawi idali itapitirira 10 koloko, magetsi tinkayembekeza kuti azima 2 koloko, ndipo bambo wachigayo uja adali atakhala pabenchi panja, chipewa chili pabondo. Ndidati ndikukumbukira pamene mutu unkaima, pafupi ndi pamwamba penipeni, ndipo ndikhoza kuufikitsapo ndi maso.

"Diso lakolo limayeza mamilimita angati?" adafunsa Madala.

Ndidasowa choyankha. Iwo adafunsanso ngati kompyuta ikukumbukira kuti kuchokera kwawo kwa Z kufika pamsinkhu wosinthira mipeni pali mtunda wotani. Ndidatsekula buku ndipo ndidapeza kuti mtunda umenewo umasungidwa pa parameter 1241, ndipo udalipo, poti kabatire ka abwana kaja kadausunga.

"Basitu. Ngati kwanu wakuiwala koma ukudziwa kuti kuchokera kwanu kufika pachitsime ndi mapazi angati, pita pachitsime ukawerenge chobwerera."

Tidaika chogwirira mpeni chopanda mpeni mu spindle. Tidatseka mpweya n'kuutulutsa wonse m'mapaipi kuti ambulera azikankhika ndi manja. Madala adalowetsa theka la thupi lawo m'makina amene adakhala zaka akuwanyoza, nakankha ambulerayo pang'onopang'ono mpaka zala zake zitayandikira kangalande kaja. Ine ndidagwira kagudumu ka m'manja, chala china chili pafupi ndi batani lofiira. Poyamba ndinkatsitsa mutu ndi 0.1 ya milimita pa kudina kulikonse kwa kagudumu, kenaka ndi 0.01. Iwo adatulutsa kapepala kopyapyala kopichirira fodya, nayamba kukalowetsa pamwamba pa chala cha ambulera, kenaka pansi pake, akumvetsera ndi nsonga za zala zawo kumene kapepalako kakugwidwa kwambiri. "Tsitsa katatu. Wapitirira, kweza kamodzi. Ima." Amakoka ambulera, n'kukankhanso, n'kuyesanso. Thukuta linkagwera patebulo la makina. Abwana ankangoyang'ana wotchi ya pakhoma. Padapita pafupifupi ola lathunthu kuti kapepala kaja kalowe mofanana pamwamba ndi pansi, ndipo ambulera adalowa ndi kutuluka osamveka kukhula.

Ndidaika ziro pachiwerengero chongoyembekezera cha pasikirini. Madala adabweza ambulera kumalo kwake natuluka. Kenaka ndidakweza mutu ndi mtunda weniweni wolembedwa pa 1241, osaonjeza, osachotsa. Pamenepo padali kwawo kwa Z.

Kudatsala kuuza kompyuta. Ndidayamba ndakopera m'kope manambala onse amene ndinkafuna kukhudza, kuti ndikalakwitsa ndidziwe pobwerera. Ndidatsekula chilolezo chosinthira ma parameter, ndipo makina adatulutsa chenjezo la 100 pokumbutsa kuti khomo limeneli lili lotsekula. Pa parameter 1815 njira iliyonse ili ndi mzere wa manambala asanu ndi atatu, lililonse 0 kapena 1. Limene ndinkafuna limatchedwa APZ, ndipo kuikapo 1 ndiko kunena kuti kwanu ndi pano. Moyandikana nalo, kumanzere kwake, kuli lina lotchedwa APC, limene limauza kompyuta mtundu wa encoder imene ili pamotayo. Maina awiriwa amasiyana chilembo chimodzi chokha, ndipo ndidazindikira chala chili kale m'mwamba kuti ndaima pa APC. Ndidabweza dzanja, ndidapuma, ndidawerenga chilembo chimodzichimodzi mokweza ngati mwana wa Sitandade 1, n'kusunthira pa APZ. Ndidaika 1 pa X, pa Y ndi pa Z. Makina adatulutsa chenjezo la 000, lolamula kuti azimitsidwe. Ndidazimitsa. Nditayatsanso, mizere ya 300 padalibe. Ndidatseka chilolezo chija, ndipo sikirini idayera.

Sitidakhulupirire msanga. Ndidachepetsa liwiro mpaka potsiriza, ndidalamula mutu kuti upite wokha pamsinkhu wosinthira mipeni, ndipo Madala adayesanso ambulera ndi manja, ndi kapepala kawo komwe kaja. Kadalowa. Tidatsekula mpweya, tidatseka zitseko, ndidalemba M06, chikhatho changa chili pabatani lofiira. Ambulera adabwera, adagwira, mutu udakwera, chimbale chidazungulira, mutu udatsika, kudamveka kho! Mpeni wina udali mu spindle. Wina kumbuyo kwanga adaomba m'manja kamodzi, n'kusiya poona kuti ali yekha.

Zotsalazo zidali ntchito ya masiku onse. Tidayezanso kutalika kwa mipeni yonse. Tidamanga mbale yoyamba patebulo, ndipo pakati pake tidapapeza ndi chida choyezera chimene amisiri timachitcha wotchi chifukwa cha muvi wake. Pulogalamu ndidayamba ndaiyendetsa m'mwamba, mpeni usakukhudza chitsulo, kuti ndione ngati ikupita kumene ndikuganiza. Kenaka tidayamba kuboola. Mwa mbale zisanu, zinayi zidatha isanakwane 2 koloko. Tidazimitsa tokha makina kuti magetsi asatidukire mpeni uli m'chitsulo, ndipo patapita mphindi zochepa mababu a padenga adazima.

Bambo wachigayo adati adikira. Tidakhala naye pabenchi mpaka mdima, akutisimbira za madzi a ku Phalombe, mmene adadzera usiku ndi mmene adasiyira mchenga m'minda. Magetsi adabwera cha m'ma 9 koloko usiku. Ndidapita kukakweza swichi yaikulu mtima ukugunda kuposa m'mawa, chifukwa aka kadali koyamba kuti makinawo agone maola ambiri ndi mabatire atsopano. Mafani adalira, sikirini idayaka, ndipo manambala a X, Y ndi Z adali omwe aja ndidawasiya masana. Mbale yachisanu idatha 10 koloko isanakwane. Titazisanjikiza zonse zisanu, tindodo ta mahamala tidalowa m'mabowo kuchokera pamwamba mpaka pansi osamenyedwa ndi nyundo.

Loweruka m'mawa bamboyo adakulunga mbale zake m'thumba la feteleza, nazimanga pakaliyala ya njinga ya mlamu wake, ulendo wa ku Limbe kukakwera minibasi. Madala adatenga ponchi ndi nyundo nakhoma timadontho tiwiri tozama panjira ya Z, kamodzi pamutu, kena pachipilala, timene penti singatifafanize. Ine ndidasuntha mgolo wa mafuta uja n'kulemba ndi penti yoyera pachivundikiro cha kabokosi kuti Febuluwale 2022. Abwana adandiitanira mu ofesi nandiuza kuti nthawi yanga yoyesedwa aionjezera ndi miyezi ina itatu. Pakutha pa mwezi, pa envelopu ya malipiro anga padalembedwa ndi dzanja lawo kuti achotsapo mtengo wa mabatire anayi.